Pi ikayaka pamodzi ndi TV chithunzi chimatuluka chofufuma, vuto lili pati?

Funso lomwe ndalandira, lokhudza kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, likuti: "Ndili ndi Raspberry Pi 4 yomwe ndinaimangirira kuseri kwa TV kuti izionetsa mauthenga tsiku lonse. TV ikakhala yoyaka kale ine n'kuyatsa Pi, chithunzi chimabwera bwinobwino pa 1920x1080. Koma magetsi akazima n'kubweranso zonse zimayaka nthawi imodzi, ndiye zilembo zimatuluka zikuluzikulu zosaoneka bwino, m'mbali muli mdima. Ndikaizimitsa Pi n'kuiyatsanso zimakhala bho. Chingwe ndasintha kawiri. Ndinalembanso hdmi_mode mu config.txt monga ndinaonera pa intaneti koma palibe chasintha. Ndilinso ndi kasikirini ka mainchesi 7 komwe ndikakalumikiza zilembo zimakhala ting'onoting'ono tosawerengeka. Kodi Pi yanga yafa?"

Pi yanu ili bwinobwino achimwene, ndipo chingwe chachitatu musagule kaye. Zoti TV ikayamba kuyaka zonse zimayenda bwino zikundiuza kuti chithunzicho chikudutsa m'chingwemo popanda vuto lililonse. Chomwe chikulephereka ndi kukambirana kwa kanthawi kochepa kwambiri komwe kumachitika Pi isanatumize chithunzi n'komwe, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti kukambirana kumeneku kulipo.

Kompyuta siyeza sikirini. Ilibe njira iliyonse yowerengera ma pixel omwe ali pa galasi la TV yanuyo, imangofunsa basi, ndipo yankho lomwe yapatsidwa imalikhulupirira momwemo. Zili ngati telala amene akusoka malaya a munthu yemwe sanamuonepo, wangopatsidwa kapepala ka miyezo: kapepalako kakachedwa kufika amasoka saizi yoti aliyense alowemo, kakakhala konama amasoka zonamazo. Kapepala kameneka dzina lake ndi EDID. Bungwe la VESA, loika miyezo ya masikirini, linayamba nazo mu 1994, nthawi ya mamonita a chimbuyo chachikulu aja, ndipo mpaka lero maziko ake sanasinthe kwenikweni. Ndi ma byte 128 okha. Amayamba ndi 00 FF FF FF FF FF FF 00 kuti wowerenga adziwe kuti wayambira pamalo oyenera, kenako zilembo zitatu za kampani yomwe inapanga, nambala ya model, chaka, kukula kwa sikirini mu masentimita, kenako ma resolution omwe sikiriniyo imalandira. Kuyambira pa byte 54 pali malo anayi a ma byte 18 aliwonse, ndipo oyambawo ndi amene amanena resolution yomwe sikiriniyo imaikonda kuposa zonse, kwa inu ndiye 1920x1080 ija. Byte yomaliza ndi checksum, yomwe imaikidwa mwakuti ma byte onse 128 ukawaphatikiza n'kugawa ndi 256 pasatsale kanthu, ndiye byte imodzi yokha ikasokonezeka m'njira kompyuta imadziwa kuti zomwe yawerengazo n'zowonongeka. Ma TV a HDMI amawonjezera ma byte ena 128 a CTA-861 momwe mumakhala nkhani za sound ndi ma mode a TV monga 720p ndi 1080p, n'chifukwa chake EDID ya TV nthawi zambiri imakhala 256.

Tsopano EDID imeneyi sidutsa m'mawaya a chithunzi ayi, ili ndi tiwaya take. Pa pulagi ya HDMI yaikulu ija pali mapini 19. Pini 15 ndi 16 ndi a DDC, njira yomwe EDID imadutsamo, yomwe kwenikweni ndi I2C wamba, kalankhulidwe ka mawaya awiri komwe masensa ambiri amagwiritsanso ntchito, ndipo EDID imakhala pa adiresi 0x50. Pini 18 imatenga 5V kuchokera ku bodi, kwa inu ndiye Pi, kupita ku sikirini, ndipo pini 19 ndi hot plug detect, yomwe sikirini imakweza pofuna kunena kuti ndilipo, ndiwerengeni. Ndiye ndondomeko yake bodi imapereka 5V, sikirini imakweza pini 19, bodi imawerenga EDID, n'kusankha mode, kenako n'kuyamba kutumiza chithunzi. Pa mamonita ambiri EDID imakhala mu ka EEPROM kakekake, ka chip kosungira zinthu, komwe kamadya 5V ya pachingwe ija, moti ngakhale monitayo ili yozima imayankhabe. Koma ma TV ambiri a masiku ano ndi makompyuta paokha, EDID imaperekedwa ndi chip yaikulu yomwe iyenera kuyamba yadzuka kaye, ndipo kudzuka kwake kumatenga nthawi kuposa Pi.

Apa ndiye pagona vuto lanu. Magetsi akabwera Pi imathamanga kukafunsa TV isanakonzeke, mwina pini 19 yakwera kale koma pa DDC palibe akuyankha, kapena akuyankha zoduka-duka zomwe checksum ikuzikana. Linux yomwe imayendetsa Pi ikaona kuti pali chinachake cholumikizidwa koma EDID palibe, imangotenga ma mode akale omwe pafupifupi sikirini iliyonse imalandira, ndipo siipitirira 1024x768. Imeneyo ndi 4:3, TV yanu ndi 16:9, mdima wa m'mbali uja ndi umenewo, ndipo kufufuma kwa zilembo ndi TV ikuyesera kukoka ma pixel ochepa kuti adzaze galasi lalikulu. Mwalamulo la HDMI, sikirini EDID yake ikasintha imayenera kutsitsa pini 19 kwa ma millisecond osachepera 100 n'kuikwezanso kuti bodi iwerengenso. Ma TV ena amachitadi zimenezi, ena ayi. Ndipo ngakhale TV itachita, pulogalamu yanu yoonetsa mauthengayo mwina inatsegula kale windo pa 1024x768 ndipo sinalembedwe kuti izisintha ikamva kuti kwabwera mode ina.

Za hdmi_mode zija, simunalembe zolakwika, mwangolembera munthu amene anachoka pa ntchitoyo. Kale firmware ya Pi, pulogalamu yomwe imayamba Linux isanadzuke, ndi imene inkayendetsa HDMI, ndiye mizere monga hdmi_force_hotplug=1, hdmi_group=1 ndi hdmi_mode=16, yomwe ndi 1080p pa 60Hz, kapena hdmi_group=2 ndi hdmi_mode=82, inkagwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo tinkaona zonse ndi tvservice. Kuyambira Raspberry Pi OS Bullseye ya 2021 ntchitoyi inapita kwa kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, kudzera mu draiva ya zithunzi yotchedwa KMS. Tsegulani config.txt yanu, mukapezamo dtoverlay=vc4-kms-v3d dziwani kuti ma hdmi_ ambiri aja akungokhala ngati zokongoletsa. Komanso pa Bookworm ya 2023 mafayilowa anasamukira ku /boot/firmware/, ndiye ena amalemba mu fayilo yomwe sikuwerengedwanso n'komwe. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa zimenezi zisanachitike ndipo palibe anabwerera kukawakonza, n'chifukwa chake mumapeza munthu akulumbira kuti kwa iye zinatheka pomwe kwa inu zii.

Musanakakamize chilichonse, yambani mwaona zomwe Pi yauzidwa. Ine apa ndimalimbikira chifukwa anthu amathamangira kulemba manambala mwachimbulimbuli n'kutha tsiku lonse pa chinthu choti akanachiona ndi ma command awiri. Dikirani vutolo lichitike, kapena lipangeni dala pozula zonse ku magetsi n'kubwezera pamodzi, kenako lowani mu Pi kuchokera pa kompyuta ina ndi SSH osaizimitsa. Pitani ku /sys/class/drm/ muona mafoda a mayina ngati card1-HDMI-A-1, kwa ena ndi card0, zimatengera draiva yomwe yayamba kudzuka. M'menemo muli mafayilo atatu ofunika. Ya status imanena connected kapena disconnected, ya modes imandandalika ma resolution omwe kernel ikuwadziwa, ndipo wapamwambayo nthawi zambiri ndi amene amasankhidwa, ya edid ndi EDID yeniyeniyo. Lembani wc -c < edid kuti muone kukula kwake, musadalire ls chifukwa mafayilo a mu /sys samaonetsa kukula kwenikweni. Ikakupatsani 0 pomwe status ikuti connected, ndiye ndi zomwe ndafotokoza zija ndendende. Ikakupatsani 256 ndipo mu modes muli 1920x1080 pamwamba koma chithunzi chidakali chofufuma, ndiye kernel inamva mochedwa koma pulogalamu yanu kapena desktop sinatsatire. Ikani pulogalamu ya edid-decode, muipatse fayilo ya edid ija, ikumasulirani zonse m'chilankhulo cha anthu ndipo ikuuzani ngati checksum ili yolakwika. Onaninso dmesg | grep -i edid. Pali kanjira kenanso kabwino, echo detect | sudo tee status muli mu foda yomweyo, kamakakamiza kernel kufunsanso, ndipo modes ikasintha pompo kufika 1920x1080 ndiye mwatsimikiza kuti nkhani ndi ya nthawi basi osati chingwe.

Kukonza kwake kuli pawiri kapena patatu. Njira yachidule ndi kuuza kernel mode yomwe mukufuna. Tsegulani /boot/firmware/cmdline.txt muwonjezere video=HDMI-A-1:1920x1080@60D kumapeto kwa mzere womwe ulipowo. Chonde, fayilo imeneyi ndi ya mzere umodzi wokha, musadinde Enter n'kuyamba mzere watsopano chifukwa zomwe mwalemba pansipo sizidzawerengedwa. D wa kumapetoyo akutanthauza kuti doko limeneli liziyaka kaya pini 19 yakwera kaya ayi. Kwa ambiri izi zimakwanira. Koma ine sindimaikonda kwenikweni pa TV, ndipo chifukwa chake n'chakuti resolution si manambala awiri okha aja.

Chithunzi cha 1920x1080 chikamayenda m'chingwe sichikhala 1920 ndi 1080 zokha, mzere uliwonse uli ndi malo opumira kumapeto, ndipo chithunzi chilichonse chili ndi mizere ina yosaoneka, zinthu zotsalira kuchokera nthawi ya CRT, mamonita a chimbuyo chachikulu aja, pomwe kuwala kunkafunika nthawi yobwerera kumanzere. Pa 1080p ya TV zonse pamodzi ndi 2200 ndi 1125, mukachulukitsa ndi 60 mupeza 148,500,000, ndiye pixel clock ya 148.5 MHz imene TV iliyonse ya 1080p imaidziwa. Koma EDID ikasowa ndipo inu mwangonena kuti 1920x1080@60, kernel imawerengera yokha malo opumira aja ndi fomula, ndipo zimatuluka pafupi ndi 173 MHz, yesani kulemba cvt 1920 1080 60 muona. Mamonita a kompyuta ambiri amalandira zimenezo, ma TV ena amangolemba kuti mode not supported n'kukhala chete. Mutha kuikapo MR pambuyo pa 1080 kuti igwiritse fomula ya CVT ya malo opumira ochepa, yomwe imatsikira ku 138.5 MHz, koma nayonso si TV iliyonse imaifuna. Chinanso, popanda EDID kernel sidziwa kuti mbali inayo ndi HDMI yeniyeni, imaitenga ngati DVI, doko lakale lotumiza chithunzi chokha, ndiye sound siituluka. Ngati mauthenga anu ali ndi mavidiyo olankhula mudzadabwa kuti chithunzi chakonzeka koma mawu asowa.

Njira yomwe ndingakulangizeni ndi iyi: koperani EDID ya TV yanu nthawi yomwe zonse zili bwino, muisunge pa Pi, n'kuuza kernel kuti isiye kufunsa TV izingowerenga fayiloyo. Bodi yomwe yamangiriridwa kuseri kwa TV imodzi zaka zonse ilibe chifukwa chofunsira m'mawa uliwonse kuti kodi ndiwe ndani, kufunsako kunapangidwira laputopu yomwe lero ili pa projekita mawa pa monita ina. Ndiye yatsani TV kaye, kenako Pi, tsimikizani kuti edid ili ndi ma byte 256 ndipo edid-decode sikudandaula, pangani foda /lib/firmware/edid/, koperani fayiloyo mmenemo muitche tv.bin kapena dzina lililonse. Kenako mu cmdline.txt, pa mzere umodzi womwe uja, lembani drm.edid_firmware=HDMI-A-1:edid/tv.bin limodzi ndi video=HDMI-A-1:1920x1080@60D ija. Tsopano mode yomwe mwapemphayo kernel iipeza mu EDID momwe ilili ndi 148.5 MHz yake, sound ibwera, ndipo TV kaya ichedwe bwanji ikadzuka ipeza chithunzi cholondola chikuidikirira. Ngati dmesg ikudandaula kuti fayiloyo sinapezeke, ndiye kuti draiva ikudzuka molawirira kuchokera mu initramfs, kafayilo komwe kernel imayambira nako disiki yaikulu isanatsegulidwe, zikatero muyenera kuika fayiloyo mu initramfs n'kuipanganso. Pa ma bodi ena a Linux osakhala Pi njira ya drm.edid_firmware imagwiranso ntchito bola draiva yake ikhale ya DRM, gawo la Linux loyendetsa masikirini, ndipo kernel inamangidwa ndi gawo limeneli, ma kernel ena akale ochokera kwa opanga chip ali ndi njira zawozawo.

Ena angakuuzeni kuti ingochedwetsani Pi masekondi angapo. Zimathandiza lero, koma TV ikadzachedwa kuposa masiku onse mwabwerera pomwe munali. Kachipangizo kotchedwa EDID emulator komwe kamalowa pakati pa bodi ndi chingwe kamachita ntchito yofanana ndi fayilo ija, n'kothandiza ngati simungathe kukhudza software, koma inu mungathe.

Kasikirini ka mainchesi 7 nkhani yake ndi ina, apa EDID ikufika bwinobwino koma ikunama. Timasikirini totere timakhala ndi galasi la 1024x600 kapena 800x480, ndi kabodi kumbuyo komwe kamalandira HDMI n'kuchepetsa chithunzi chilichonse kuti chikwane pa galasilo. Kabodi komweko kamagulitsidwa ndi magalasi osiyanasiyana, ndiye kawirikawiri EDID yake ndi yongokopera, imanena kuti ndimakonda 1920x1080 kapena 1280x720. Pi imamvera, imatumiza 1080p, kabodiko n'kufinya ma pixel opitirira mamiliyoni awiri kuti alowe m'malo a 614,400, zilembo ting'onoting'ono tija ndi timeneto. Onani papepala la kasikiriniko kuti galasi lenileni ndi la ma pixel angati, kenako onani mu modes ngati resolution imeneyo ilimo. Ikakhalamo ingoisankhani ndi video= kapena mu ma settings a desktop, pa Wayland ya Pi ndi wlr-randr, pa X11 ndi xrandr. Ikakhala mulibe lembani video=HDMI-A-1:1024x600M@60D, M ameneyo akuuza kernel kuti iwerengere ndi CVT, zomwe kale tinkachita ndi hdmi_group=2, hdmi_mode=87 ndi hdmi_cvt. Ndipo musaiwale kuchotsa drm.edid_firmware ya TV ija mukamalumikiza kasikirinika pa doko lomwelo, apo ayi Pi izikalankhula ngati ndi TV.

Izi zonse ndi za HDMI, DVI, VGA ndi DisplayPort, ngakhale DisplayPort EDID yake imadutsa pa njira ina yotchedwa AUX. Ngati tsiku lina mudzagula sikirini ya ka riboni kopyapyala ya DSI, kapena ya RGB ndi LVDS zomwe zili pa ma bodi ambiri a m'mafakitale, kumeneko nthawi zambiri kulibe EDID n'komwe, palibe wofunsidwa. Manambala onse, clock ndi malo opumira aja, mumawatenga mu datasheet ya galasilo n'kuwalemba mu device tree, fayilo youza kernel zida zomwe zili pa bodi, kapena kusankha overlay yoyenera, mukaphonya ndiye mumapeza chithunzi chosunthira mbali kapena mdima wokhawokha.

Pali tina tating'ono toti mudziwe chifukwa timafanana ndi vuto la EDID koma si ilo. Pi 4 ili ndi madoko awiri a micro HDMI, lomwe lili pafupi ndi USB-C ya magetsi ndi HDMI0, ku kernel ndi HDMI-A-1, linalo ndi HDMI-A-2, ndiye mukalemba zonse zija pa A-1 chingwe chili pa doko linalo palibe chichitike. Ngati TV kapena monita yanu ndi ya 1366x768, Pi 4 imavutika nayo mode imeneyo chifukwa imatulutsa ma pixel awiri pa clock imodzi, motero manambala onse a m'mzere ayenera kugawika ndi 2, pomwe mode yovomerezeka ya 1366x768 ili ndi 143 ndi 213 mkati mwake, anthu ambiri amangotenga 1360x768 n'kupitiriza moyo. Mukaona kuti resolution ili bwino koma m'mphepete mwaduka, taskbar yatheka kuoneka, imeneyo ndi overscan ya TV, konzani mu menu ya TV momwemo, pa LG amaitcha Just Scan pa Samsung ankaitcha Screen Fit, musayambe kuchepetsa chithunzi ku Pi chifukwa mukatero chimakokedwa kawiri n'kutaya kuthwa kwake. Ndipo chilichonse chomwe mwaika pakati, kaya splitter, KVM yosinthira makompyuta pa sikirini imodzi, soundbar kapena adaputa ya HDMI kupita VGA, chingathe kupereka EDID yakeyake m'malo mwa ya sikirini, moti edid-decode ikakuonetsani dzina lomwe simukulidziwa yambani mwachotsa zapakatizo n'kulumikiza mwachindunji.

Chingwe ndingachikayikire pokhapokha ngati EDID ikusintha-sintha TV ili yoyaka kale, lero checksum yolondola mawa yolakwika, chifukwa I2C sikonda mawaya aatali kwambiri, kapena ngati pa chithunzi mukuoneka timadontho tothwanima. Inu simunanene zimenezo, ndiye sungani ziwiri muli nazozo.

Mukamaliza kuika fayilo ya EDID yesani momwe vutolo limachitikira, zulani TV ndi Pi ku magetsi, dikirani mpaka kanyali ka TV kazime, bwezerani pamodzi, ndipo chitani zimenezi kangapo chifukwa vuto la nthawi silibwera ulendo uliwonse. Reboot wamba siikuuzani kanthu popeza TV imakhala ili maso kale. Lembaninso kapepala mukamate kuseri kwa TV konena kuti EDID yatsekeredwa mu cmdline.txt, kuti amene adzasinthe TV imeneyo adziwe zoti ayenera kuchotsa kaye drm.edid_firmware, kuyatsa ndi TV yatsopanoyo, n'kukopera EDID yake pa tv.bin.